Nthiti Imene Ndinabadwa Nayo M'khosi

Mkono wanga wamanja unayamba kundivuta patangopita zaka zochepa chiyambire matipate. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndili pabanja ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Amuna anga ankagwira ntchito mufakitale ya pa esiteti yomweyo, kumakina oumitsa masamba, choncho tinali ndi nyumba ya zipinda ziwiri kumakomboni. Kwathu kwenikweni ndi ku Chimaliro. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo kuthyola tiyi ndinaphunzira kwa achemwali anga, amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri asanabwerere kumudzi kukalima nthochi.

Munthu amene sanathyolepo tiyi amayesa kuti ndi ntchito ya zala zokha, koma chimene imatha ndi mapewa. Dengu umalibereka kumsana, zingwe zake zili pamapewa, ndipo likamadzaza masamba onyowa zingwezo zimalowa m'mnofu. Manja onse awiri amakhala akubudula nsonga, masamba awiri ndi kamphukira kake, ndipo akadzaza umaponyera kumbuyo kudzera pamwamba pa phewa. Umatero kuyambira m'mawa mpaka thirakitala ibwere kudzatenga masamba omaliza. Ine ndinali mmodzi wa othyola mofulumira, moti akapitawo ankakonda kundiika pamzere woyamba kuti anzanga azilimbikira kundipeza.

Poyamba linali dzanzi pakachala kakang'ono ndi chala choyandikana nako. Ndinkaukutumula mkonowo, dzanzi n'kutha, ine n'kupitiriza ntchito. Kenako phewa linayamba kuphwanya, ululu wake wotsika kuchokera m'khosi mpaka pachigongono. Ndikasenza ndowa kuchokera kumpopi, mkono wogwirizira ndowayo unkalema ndisanafike pakati pa njira. Kuyanika zovala pachingwe kunasanduka ntchito yopumira kawiri katatu. Tsiku lina ndikuluka tsitsi la mwana wanga chipeso chinangogwa chokha m'manja, ndipo sindinamve pamene chinachokera.

Ndinapita ku dispensale ya pa esiteti. Adokotala a kumeneko ankaona anthu ambiri pa tsiku, ndipo anandifunsa ndili chiimire. Anati ndi nyamakazi, nandipatsa panado ndi mafuta opaka onunkha kwambiri. Ulendo wachiwiri anandipatsa zomwezo. Ulendo wachitatu anandiuza kuti palibe wothyola tiyi amene phewa silimuwawa, ndipo ngati ndikufuna tsiku lopuma ndingonena. Sindinapitekonso.

Achemwali atamva, anabwera n'kupita nane kwa bambo wina wa cha ku Nchilamwela amene ananditema mphini paphewa ndi pamkono, n'kuthiramo mankhwala akuda. Amuna anga ndi a mpingo wa Sabata chibadwire, ndipo ine ndinalowa mpingowo pokwatiwa. Ataona mphinizo sanandilankhule masabata awiri. Mphini zinapola, mkono uli chomwecho.

Chaka chisanathe dzanjalo linayamba kuonda. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unaphwa, ndipo kuseri kwa dzanja, pakati pa mafupa, panachita timaenje. Linkakhala lozizira ngakhale mu Okutobala. Zaka zimenezo kumakomboni sabata sinkatha popanda maliro, ndipo aliyense ankayang'anitsitsa thupi la mnzake. Tsiku lina pampopi mayi wina ananena m'Chilomwe, poyesa kuti sindikumva, kuti kaliwondewonde ena amawayambira kumiyendo koma ine wandiyambira kudzanja. Nkhaniyo inafika mpaka kufakitale. Amuna anga sanandifunse chilichonse. Ndinangoona agula mphasa ina, ndipo kapu yawo anayamba kuisunga payokha, pawindo.

Munthu amene anaona choyamba kuti vuto si limenelo ndinakumana naye kutchalitchi. Mumpingo wathu, pa Sabata la Mgonero, timayamba tasambitsana mapazi, amayi paokha, abambo paokha. Sabata limenelo amayi amene ndinkasambitsana nawo masiku onse anapeza anzawo ena msangamsanga, ine n'kutsala nditagwira thaulo. Amene anabwera kwa ine anali mayi wina wachikulire amene ndinkangomudziwa kuti ndi namwino pachipatala cha mishoni. Ndinagwada, n'kugwira phazi lawo m'beseni ndi manja onse awiri, ndipo ndinamva akudzidzimuka.

"Mayi," anandinong'oneza anamwinowo, "dzanja ili lazizira bwanji chonchi, linzakeli lili lofunda?"

Ndinawayankha kuti ndi nyamakazi. Anadikira mpaka mapemphero atatha. Kenako anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, nagwira mikono yanga yonse iwiri pamene mtsempha umagunda, maso atatsinzina. Anakhala chigwirire nthawi yaitali. Anati kumanzere akumva bwino, koma kumanja kugunda kwake kuli kutali. Anandiuza kuti Lolemba ndisapite kumunda, ndikawapeze kuchipatala.

Lolemba anandilowetsa okha kwa dokotala wina wachinyamata, Mmalawi, amene anandikhazika pampando n'kundifunsa mafunso kwa nthawi yaitali kuposa mmene munthu wina aliyense anandifunsirapo za mkonowo. Anafuna kudziwa kulemera kwa dengu, pamene zingwe zimadutsa, ndi zala zimene zimachita dzanzi. Anandiyeza BP mikono yonse iwiri, nabwereza kawiri chifukwa manambala ankasiyana. Anandiuza kuti ndikweze manja m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi apolisi, ndizifumbata ndi kufumbatula. Dzanja lamanzere linapitiriza bwinobwino. Lamanja linayera m'kati, linalema, ndipo posakhalitsa linagwa lokha pamwendo. Kenako anagwira mtsempha wa pamkono, nandiuza kuti ndipotolere mutu kumanja, ndikoke mpweya ndi kuusunga. Anaitana anamwino aja kuti nawonso agwire. Kugunda kunkazimiririka, ndipo ndikabweza mutu kunkabwerera.

Pamwamba pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi anapeza kachotupa kolimba kamene kankagunda. Ine ndinali nditakamvapo posamba, koma ndinkayesa kuti aliyense ali nako. Anaika chomvera chawo pamenepo, namvetsera, kenako ananditumiza ku ekisile.

Masana anakweza chithunzicho pawindo n'kundilozera ndi cholembera.

"Nthiti za munthu zimayambira apa," anatero adokotalawo. "Inu muli ndi ina yowonjezera pamwamba pake, m'khosi muno. Munabadwa nayo."

Anafotokoza kuti pakati pa khosi ndi phewa pali kanjira kopanikizika kamene mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi opita kumkono, pamodzi ndi mitsempha ina imene imachititsa kuti dzanja lizimva ndi kugwira. Nthitiyo inali itachepetsa kanjirako, ndipo dengu linkakokera phewa pansi tsiku ndi tsiku, mitsempha yonseyo n'kumafinyidwa pafupa. Anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, lalitali. Nditafunsa la Chichewa anati kulibe. Anavomera kuti iwonso chiyambire ntchito anali asanawaonepo ndi maso, anangowawerenga m'buku.

Ndisanatuluke ndinapempha ndekha kuti andiyeze magazi. Masiku amenewo zotsatira unkadikira, ndipo sabata imeneyo sindinadye bwino. Anandipeza ndilibe kachilombo. Pepalalo ndinawapatsa amuna anga ataweruka. Anawerenga, nalipinda, n'kundibwezera. Mawa lake kapu ija ndinaipeza pamodzi ndi zinzake m'beseni, ndipo nkhaniyo sitinaikambepo mpaka kale.

Adokotala anandiuza kuti mankhwala akumwa sangachotse fupa. Pankafunika opaleshoni, ndipo opaleshoni yake inali ya ku Blantyre, kwa madokotala odziwa kusoka mitsempha. Anandilembera makalata awiri, ina yopita nayo ku Blantyre, ina yopereka ku esiteti kuti andichotse pa dengu. Anandipatsa asipirini woti ndizimwa tsiku lililonse, nandisonyeza mmene ndiziwongolera mapewa. Ananenetsa kawiri kuti ndisachedwe, chifukwa mtsempha wa magaziwo unali utayamba kale kuwonongeka.

Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anabwera Lamlungu lotsatira. Atamva kuti mpeni ukadutsa pakhosi anagwira pakamwa. Anakumbutsa za mchimwene wawo amene anapita m'tauni kukachitidwa opaleshoni ya m'mimba n'kubwerako m'bokosi. Anafunsa kuti ngati nthitiyo ndinabadwa nayo, Mulungu amene anaiikamo analakwitsa kodi. Amuna anga anati tiyambe tapemphera ndi kuona mmene mankhwala agwirire ntchito, za ku Blantyre tidzaziona mvula ikatha.

Sindingawasenzetse okha mlanduwu. Pamene ankalankhula choncho mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaopa. Ndinali nditaphapo nkhuku zambiri ndipo ndinkadziwa chimene chimachitika mpeni ukafika pakhosi. Kalata ya ku Blantyre ndinaiika m'Baibulo, ndipo ndinkamva bwino kuti wina wandiletsa.

Kalata inayo ndinaipereka. Akapitawo anandichotsadi pa dengu n'kundiika m'gulu lopalira. Khasu linandipweteka kuposa dengu, chifukwa chogwirira chinkandipulumuka. Mvula itagwa tiyi anaphukira paliponse, othyola anachepa, ndipo m'mawa wina ndinangotenga dengu langa n'kulowa mumzere. Palibe anandikakamiza, palibenso anandiletsa. Ndinkapinda chitenje n'kuika pansi pa chingwe chakumanja. Sindinalinso pamzere woyamba. Ndinkathyola kwambiri ndi dzanja lamanzere, lamanja likungothandizira.

Anamwino aja ankandifunsa Sabata lililonse ngati ndapita. Poyamba ndinkati mwezi wamawa. Pambuyo pake ndinayamba kukhala mbali ina ya tchalitchi ndi kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Mvula inatha, za ku Blantyre palibe anazitchula. Mu Juni chiperoni chinabwera, chifunga chija chokhala masiku atatu anayi osaona dzuwa, tiyi ali chinyowere. Pansonga ya chala cholozera panatuluka timadontho takuda, kenako pa chala chapakati. Pafupi ndi chikhadabo panachita kabala kosapola. Ululu wake unali wina, osati wa phewa uja. Zinkakhala ngati zalazo zapanidwa ndi chitseko ndipo palibe woti atsegule. Ndinkaziika m'khwapa, ndinkaziwothetsa moto pambaula, koma sizinkafunda.

Tsiku lina m'mawa, dengu lisanafike ndi theka lomwe, ndinakweza mkono kuti ndiponye masamba, ndipo china chake chinandilasa kuchokera m'chigongono mpaka kuzala. Nditayang'ana, chikhatho chonse chinali chitayera ngati chinangwa chosenda. Ndinakhala pansi pakati pa tiyi. Anzanga anandivula dengu, ndipo akapitawo anaimitsa lole ya esiteti imene inanditengera kuchipatala cha mishoni.

Ndinapeza adokotala omwe aja. Anayang'ana dzanjalo, nafufuza kugunda kwa mtsempha koma osakupeza. Sanandikalipire. Anangofunsa kumene kalata ija inali, ndipo ndinawauza kuti ili m'Baibulo. Panali patapita miyezi isanu ndi itatu. Anandibaya jekeseni wosungunula magazi, nalemba kalata ina, n'kunena kuti ambulansi inyamuka nane m'mawa.

Uthenga unafika ku Chimaliro tsiku lomwelo, ndipo kutacha achemwali anali pakhomo la wodi ndi kachikwama ndi kapoto. Amuna anga analiponso, atavala ovolosi ya kufakitale. Anayamba kunena kuti nkhani yotere siyenera kuthamangiridwa, amalume athu sanauzidwe, mayi awonso sakudziwa.

"Alamu, mkonowu ndi wake," anatero achemwali. "Ngati simupita, tsalani ndi mwana, ndipita ndine. Amalume tidzawauza tikabwerako."

Amuna anga anayang'ana kwa ine. Ndinawauza kuti ndikupita. Anandithandiza kukwera ambulansi, natseka okha chitseko.

Ku Blantyre anandigoneka m'wodi yaikulu ya amayi. Dokotala wa opaleshoni anali bambo wa imvi, wosalankhula zambiri. Anandipaka mafuta ozizira pakhosi ndi pamkono n'kuyendetsapo kachipangizo kamene kankaonetsa mitsempha pakanema. Anafotokoza kuti pamene mtsempha unkakhuzana ndi nthiti unali utafufuma ngati chubu cha njinga chotha, ndipo m'kati mwakemo magazi ankaundana. Timibulu ta magazi oundanawo tinkathothoka pang'onopang'ono n'kukatseka timitsempha ta kuzala, ndipo m'munda muja munathothoka chachikulu.

"Mkono tiyesetsa kuupulumutsa," anatero adokotala a imviwo. "Zala ziwirizi sindikulonjezani."

Anabweretsa pepala loti ndisaine. Cholembera sindinathe kuchigwira. Namwino anatenga chala chachikulu chamanzere, nachiviika mu inki n'kudinda. Ndinalira pamenepo, ndipo achemwali anayesa kuti ndikulirira opaleshoni. Ine chimene chinandiwawa n'chakuti ndinafika Fomu 2, ndinkawalembera anzanga makalata kumakomboni, ndiye lero ndikudinda chala.

Za opaleshoniyo ndimangokumbukira kuzizira kwa chipinda ndi munthu wina akundiuza kuti ndiwerenge mpaka teni. Nditatsitsimuka khosi linali louma, pamwamba pa fupa lopingasa lija panali bandeji ndi kapaipi kotulutsa madzi a magazi, pamkono bala lina, ndipo mwendo wamanzere unkawawa. Anandiuza kuti anachotsa nthiti ija, anadula kamnofu kamene kankathandizira kufinya, anachotsa chigawo chowonongeka cha mtsempha n'kulumikiza ndi mtsempha umene anautenga pantchafu panga, ndiponso anakoka magazi oundana kudzera pamkono. Achemwali anali atagwira chikhatho changa ndi manja awo onse awiri. Anati chafunda.

Palibe anandiuza kuti magazi akamabwerera kumene anasiya kufika amawawa chotero. Masiku atatu ndinkangobuula, dzanja litatupa, likutentha. Achemwali ankagona pansi pafupi ndi bedi langa, ankaphika kukhitchini ya magadiyani, ankandisambitsa ndi kundiperekeza kuchimbudzi. Chikhatho chinabwerera mtundu wake. Chala chachikulu chinabwerera, kachala kakang'ono ndi chinzake chija zinabwereranso. Cholozera ndi chapakati zinapitiriza kuda mpaka pamfundo yachiwiri, zinauma n'kukwinyika. Adokotala ankabwera m'mawa uliwonse, n'kulemba kamzere ndi cholembera pamene kuda kwalekezera. Patatha masabata awiri anati sizidikirikanso. Ndinalowanso kuchipinda chozizira chija, ndipo anazidula.

Chifukwa choti matendawo ndi osowa, ophunzira udokotala ankabwera m'magulu kudzandiona. Ankapempha mwaulemu, ndipo ndinkawalola. Ankakweza chithunzi cha ekisile, kugwira mtsempha, kufunsa mafunso omwe aja, kenako n'kumalankhulana m'Chingerezi chimene ndinkamva theka. Mmodzi wa iwo, mtsikana, anandibweretsera nthitiyo m'kabotolo kuti ndiione. Ndinkayembekezera chinthu chachikulu. Kanali kafupa kopindika, kotalika ngati chala, kosasiyana kwenikweni ndi fupa la nkhuku. Achemwali anakayang'ana, napukusa mutu, n'kutuluka panja.

Tsiku lina adokotala a imvi akumasula bandeji ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti ndikanabwera ndi kalata yoyamba ija zikanatha bwanji. Anamaliza kuyang'ana bala, nauza namwino kuti amange.

"Zala zikanakhalapo," anatero, n'kupita pabedi lotsatira.

Amuna anga anabwera kamodzi, Lamlungu, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumandiuza za mwana, kuti akudya bwino, kuti apongozi akumusamala. Dzanja linali pamwamba pa bulangete, lomangidwa, ndipo maso awo ankapita paliponse kupatula pamenepo. Belu lotulutsa alendo litalira anaimirira msanga.

Ndinakhala m'chipatalamo pafupifupi miyezi iwiri. Masabata omaliza ndinkapita kumafizo, kumene mayi wina ankandikwezetsa mkono pakhoma pang'onopang'ono ndi kundifinyitsa kampira. Phewa linasiya kuphwanya, ndipo dzanja silinazizirenso. Koma anandiuza mosabisa kuti mitsempha ya mphamvu ija inafinyidwa nthawi yaitali, mnofu umene unaphwa sudzabwerera. Zala zitatu zotsalazo zinali zofooka, ziwiri mwa izo zosamva bwino. Kapu ndinkatha kuigwira ikakhala yopanda kanthu.

Nditabwerera ku esiteti ntchito inali itatha. Kuofesi anandilembera kuti sindingathenso kugwira ntchito ya m'munda, ndipo sananame. Zala zimene zimabudula nsonga ya tiyi ndi zomwe zinapitazo. Ndinkakhala pakhomo, m'mawa n'kumaona anzanga akudutsa ndi madengu. Ena ankabwera kudzandizonda ndi mtima wabwino. Ena ankabwera kudzaona chipsera cha pakhosi ndi kufunsa ngati n'zoona kuti anandichotsa fupa losakhala la munthu. Ndinaphunzira kusenda, kuchapa, kumanga chitenje ndi kulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo zanga mpaka lero zimapendekera kumbuyo.

Sabata loyamba limene ndinapita kutchalitchi ndinawafunafuna anamwino aja. Ndinali nditakonza mawu opepesa. Atandiona anatenga mkono wanga n'kugwira pamtsempha asanandipatse ndi moni womwe. Anamvetsera, nagwedeza mutu, kenako anandifunsa za mwana. Mawu anga aja sanandipatse mpata woti ndiwanene.

Amuna anga sanandichitire nkhanza. Sanandimenyepo, sanandinyozepo chifukwa cha dzanja. Ankatunga madzi asanapite kuntchito, chinthu chimene amuna a kumakomboni ankawaseka nacho. Koma m'nyumbamo munalowa chete. Ndikuganiza kuti iwo akaona dzanja langa ankakumbukira zimene ananena Lamlungu lija apongozi atabwera. Inenso ndikawaona ndinkakumbukira zomwezo, ngakhale ndinkadziwa kuti Baibulo linali langa ndipo kalatayo ndinaiikamo ndekha. Tikanakangana mwina zikanatuluka. Sitinakangane.

Chaka chimene kunagwa njala yaikulu anandiuza kuti ndibwino ndipite ndi mwana ku Chimaliro, kumene kunali chinangwa ndi nthochi, mpaka zinthu zitakhala bwino. Anatiperekeza mpaka pamsewu. Miyezi yoyamba ankabwera, kenako ankangotumiza uthenga. Njala inatha, koma sanandiitane ndipo ine sindinafunse. Patapita zaka ziwiri ankhoswe anakhala pansi n'kumaliza chimene chinali chitatha kale. Ndinamva kuti anakwatira mayi wina wa kufakitale komweko.

Achemwali anandigawira munda kumtunda kwa nthochi zawo. Khasu ndinalidula mpini kuti lifupike, ndipo ndinkalima ndi dzanja lamanzere, lamanja likungotsamira pampini. Mizere yanga inkatenga masiku awiri pamene ena amatenga limodzi. Ndinkadzala chimanga, nandolo ndi chinangwa. Mwana anakula, anakhoza mayeso a Sitandade 8, n'kupita kusekondale yogonera komweko.

Chaka chimene iye anali Fomu 2, ndikupalira nandolo, ndinamva dzanzi pakachala kakang'ono kamanzere. Ulendo uno sindinauze munthu ndipo sindinapemphe maganizo a wina aliyense. Sabata yomweyo ndinakwera minibasi mpaka ku Blantyre. Adokotala a imvi aja anali atapuma ntchito. Amene ndinawapeza anawerenga buku langa la kuchipatala kuyambira tsamba loyamba, nandikwezetsa manja, nanditumiza ku ekisile. Anati kumanzere kulinso kanthiti, kakang'ono kwambiri, kachitsa chabe. Mtsempha wa magazi unali bwino, ndipo opaleshoni sinkafunika pakali pano. Chimene chinkafunika chinali kuupumitsa mkonowo, chifukwa unali utagwira ntchito ya mikono iwiri kwa zaka zambiri.

Anandiwerengera zoti ndisiye. Ndisasenze ndowa, ndisanyamule katundu paphewa, ndisasinje, ndisagwire khasu nthawi yaitali. Ndizichita mafizo m'mawa ndi madzulo, ndizibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo dzanja likadzangoyamba kuzizira kapena kuyera ndidzabwere tsiku lomwelo. Kenako anandifunsa amene amandithandiza pakhomo. Ndinawauza kuti achemwali, koma nawonso msana unawathera m'tiyi, ndipo mwana ali kusukulu. Adokotalawo analemba tsiku lodzabweranso.

Mafizo ndimachita, ndipo tsiku la kuchipatala sindiphonya. Madzi ndimatunga ndi zigubu zing'onozing'ono maulendo anayi m'malo mwa ndowa imodzi, chimanga ndimapita nacho kuchigayo. Khasu lokha ndi limene sindinathe kulisiya. Ndimalima m'mawa dzuwa lisanakwere, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo dzanzi likayamba ndimakhala pansi pamzere pomwepo, mkono uli pamwendo, mpaka lithe.